NGALAWA YA MAINA ATATU

Abale athu a m'migodi ndi a m'mapulazi, nkhani ya lero ndi ya ngalawa. Tidziwa kuti ambiri a inu nyanja yaikuru ya mcere simunaione ndi maso, ndipo kapena mudzafunsa kuti munthu wogwira fosholo pansi pa nthaka, kapena wopalira fodya wa mwini, ali nayo nchito yanji ngalawa ya Azungu. Koma dekhani pang'ono. Ngalawa imene tiri kunenayi inagwira nchito yonyamula akatundu zaka 52, inagulitsidwa kucoka m'manja kulowa m'manja ena, inachedwa maina atatu, ndipo tsiku lina inatsala pang'ono kumira pafupi ndi Cape Town itasenza malasha ocokera ku dooko la Lourenço Marques. Munthu ali yense amene anacoka kwao nakagwira nchito kwa eni, nachedwa dzina limene amace sanamuche, adzaimva nkhaniyi msanga.

KUMANGIDWA KWACE

Dzina lace loyamba, limenenso iri nalo lero lino, ndi Cutty Sark. Anaimanga m'caka ca 1869 ku Dumbarton, m'dziko la Scotland, komwe kunacokera David Livingstone ndi amishoni oyamba a ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Mwini wace anali John Willis wa ku London, munthu wa ngalawa zambiri zamalonda. Masiku amenewo Angelezi anali kumwa tiyi wa ku China, ndipo tiyi watsopano amene anayamba kufika pa msika wa London ndiye anali kugulidwa pa mtengo wabwino. Cifukwa cace eni ngalawa anali kupikisana caka ndi caka, yense kufuna kuti yace ifike poyamba. Panali ngalawa ina yochuka, dzina lace Thermopylae, yomangidwa ku Aberdeen mu 1868, ndipo Willis anafunitsitsa kukhala nayo yace yoposa imeneyo liwiro.

Anapangana ndi kampani yaing'ono ya Scott & Linton kuti immangire ngalawayo pa mtengo wa £16,150, ndipo amene analemba maonekedwe ace anali Hercules Linton. Mtengowo unali wocepa, koma mwini anaumirira kuti zipangizo zonse zikhale zabwino zokhazokha. Ndalama zinawathera amisiriwo nchito isanathe, kampani yao inagwa ndi ngongole, ndipo kampani ina ya William Denny & Brothers ndiyo inatsiriza. Potero iwo amene anaiumba ngalawa yochukayi sanadyepo phindu lace.

Nthiti zace zinali za citsulo, ndipo pa nthitizo anakhomera matabwa ocindikala a mitengo yolimba ya teak ndi elm. Kunsi kwace, kumene kukhala m'madzi, anakuta ndi mkuwa wosanganiza, kuti tizirombo toboola matabwa tisalowe, ndi kuti ndere zisamerepo ndi kucedwetsa ulendo. M'litali mwace inali mapazi 212, ndipo inali nayo milongoti itatu, wapakati wace woposa mapazi 150 kutalika. Injini inalibe konse. Mphamvu yace yonse inali mphepo yoomba pa matanga, ndi manja a amalinyero ngati 30, amene anali kukwera milongotiyo usana ndi usiku, pa mvula ndi pa cisanu, kumasula ndi kupinda nsaru zolemera ngalawa iri kugwedezeka.

Dzinalo analitenga m'ndakatulo ya Robert Burns yochedwa Tam o' Shanter. M'cinenero ca ku Scotland, Cutty Sark ndiye kuti kamalaya kakafupi ka mkati kobvala akazi. M'nthanoyo muli mfiti yaikazi, dzina lace Nannie, yobvala kamalaya kotere, imene inathamangitsa munthu wokwera pa kavalo nizula mcira wa kavaloyo. Cifanizo ca mfitiyo anacisema naciika kutsogolo kwa ngalawa, dzanja lace litatambasuka. Musaiwale tanthauzo la dzinali, pakuti tidzakomana nalonso m'cinenero cina.

Anaitsitsira m'madzi pa 22 November 1869. Koma taonani tsoka lace: masiku asanu okha m'mbuyo mwace, pa 17 November, anali atatsegula ngalande ya Suez ku Egypt. Ngalande imeneyi inafupikitsa ulendo wa ku China ndi mamailosi oposa 3,000, koma inakomera sitima za moto zokha, cifukwa mphepo za pa Nyanja Yofiira sizilola ngalawa ya matanga kuyenda bwino, ndipo kuikoka m'ngalandemo kunali kodya ndalama zambiri. Ngalawa za matanga zinapitirirabe kuzungulira Africa yense kudzera ku Cape. Cotero Cutty Sark inabadwa nchito imene anaimangira iri pafupi kutha, monga mmisiri amene atsiriza kuphunzira luso lace sabata lomwelo limene makina olanda lusolo afika.

ZAKA ZA TIYI

Ulendo wace woyamba unali wa February 1870, kumka ku Shanghai, Kaputeni wace ali George Moodie. Inapita ndi vinyo, mowa ndi akatundu ena, nibwera ku London mu October ndi tiyi wolemera matani ngati 600. Maulendo ace a tiyi anakwana 8, kufikira 1877, ndipo pa onsewo sinakhalepo yoyamba kufika ngakhale kamodzi. Koma ulendo wa 1872 ndiwo unaipatsa mbiri.

Caka cimeneco inanyamuka ku Shanghai mu June, tsiku limodzi ndi Thermopylae. Inatsogola ndi mamailosi ngati 400, koma pofika pa nyanja ya kufupi ndi South Africa namondwe anathyola tsigiro lace, ndilo thabwa lalikuru la kumbuyo loongolera ngalawa. Mbale wace wa mwini, amene anali momwemo, analamula kuti akakoceze ku Cape Town, koma Moodie anakana. Pamenepo mmisiri wa matabwa, Henry Henderson, anatenga mitengo ndi zitsulo zimene zinali m'ngalawamo, nakoleza ng'anjo pamwamba pace, napanga tsigiro lina pakati pa mafunde. Nchitoyo inatenga masiku 6. Tsiku lina ngalawa inapendeka kwambiri, ng'anjo nigubuduka, ndipo makala a moto anatayikira pa mwana wa Kaputeni, amene anali kuphunzira nchito momwemo. Anafika ku London mu October atatha masiku 122, sabata limodzi lokha pambuyo pa Thermopylae. Henderson anapatsidwa mphotho ya £50, ndipo anthu anatama yocedwayo koposa imene inapambana.

ZAKA ZA MABVUTO

Sitima za moto zitalanda malonda a tiyi, Cutty Sark inasanduka ngati munthu wa maganyu, wofuna nchito pa khomo liri lonse. Inanyamula malasha, jute wosokera matumba, mafuta a nsatsi, ndi ciri conse cimene cinapezeka. Mu 1880 mwini anafupikitsa milongoti yace, kuti amalinyero acepe ndi malipiro acepenso.

Caka comweco inanyamuka ku Wales ndi malasha omka ku Japan, Kaputeni ali James Wallace. Waciwiri wace, Sidney Smith, anali munthu wankhanza. Pa ulendowo anakangana ndi mmodzi wa amalinyero, munthu wakuda dzina lace John Francis, nammenya m'mutu ndi cimtengo cozunguzira makina a nangula, ndipo Francis anamwalira patapita masiku owerengeka. Smith anatsekeredwa m'cipinda cace kuti akaweruzidwe, koma pofika ku Anjer, pa cisumbu ca Java, Kaputeni anamlola kuthawira m'ngalawa ina. Anzace a womwalirayo anakwiya nakana nchito. Ngalawa inanyamuka ndi anthu owerengeka okha ogwira zingwe, ndipo posacedwa mphepo inaleka, ngalawa niima masiku angapo pa nyanja yotentha. Wallace, poona kuti mbiri yace yaonongeka, anadziponya m'nyanja, ndipo sanaonekenso. Smith anagwidwa ku London patapita zaka ziwiri, naweruzidwa kukhala m'ndende zaka 7.

Tachula dzina la John Francis dala. Polemba mbiri ya ngalawa, anthu akonda kuwerenga akaputeni ndi eni cuma, naiwala iwo amene anakoka zingwe. Koma anzace sanamuiwale tsiku lija, ndipo kukana kwao nchito ndiko kunaulula mlandu umene ukadakwiririka pa nyanja.

Wolowa m'malo mwa Wallace, William Bruce, anali woledzera. M'masiku ace amalinyero ena anafa ndi kolera ku Shanghai, otsala anagona ndi njala pa nyanja, ndipo mu 1882 akuru anamuimitsa nchito ku New York. Ngalawa inali yomwe ija, matabwa ndi citsulo zosasintha, koma anthu anayamba kuiyesa ya tsoka. Inu amene munagwirapo nchito pansi pa akapitao awiri osiyana mtima, pa mgodi umodzi womwewo, mudziwa kumene tsoka lotere licokera.

ZAKA ZA UBWEYA

Mu 1883 inapeza nchito yoiyenera, ndiyo kutenga ubweya wa nkhosa ku Australia kumka nao ku London. Pa ulendo wautali wotere sitima za moto zinali zisanapambane, cifukwa malasha ofunika pa njira anali kudya malo a akatundu. Mu 1885 Willis anaipereka m'manja mwa Kaputeni Richard Woodget, amene anaiyendetsa zaka 10. Popita anali kudzera ku Cape of Good Hope, pobwera ku Cape Horn, kunsi kwa South America, kotero kuti ulendo uli wonse unali kuzungulira dziko lonse lapansi. Woodget anali kutsikira kum'mwera kwenikweni, kumene mphepo iomba mwamphamvu kucokera kumadzulo, pakati pa mapiri a madzi oundana oyandama pa nyanja, amene iye mwini anawajambula zithunzi.

M'zaka zimenezo ngalawayi inaonetsa mphamvu yace yonse. Inayenda kucokera ku Sydney kufika ku England masiku 73, nisiya Thermopylae m'mbuyo. Liwiro lace linali kufika mamailosi 20 pa ora limodzi. Tsiku limene inayenda koposa masiku onse a moyo wace inapyola mamailosi a pa nyanja 363, ndiwo mtunda woposa msewu wocokera ku Blantyre kudzera ku Tete kufika ku Harare, ndi mphepo yokha. Mu 1889, pafupi ndi Sydney, inapitirira sitima ya moto ya makalata yochedwa Britannia, anthu a m'sitimayo akuona.

Koma sitima za moto zinanka zikula ndi kucepetsa malasha, ndipo potsiriza zinalandanso ubweya. Willis anawerengera ndalama zace, naona kuti ngalawa yace siirinso kubweza phindu.

FERREIRA

Mu 1895 anaigulitsa kwa kampani ya Apwitikizi ya Ferreira ya ku Lisbon, pa mtengo wosafika ngakhale limodzi la magawo asanu a ndalama zimene anaimangira. Eni atsopano anafafaniza dzina lakale nalemba lao, Ferreira, nakweza mbendera ya Portugal. Kuyambira pamenepo manyuzi a ku London analeka kuiwerengera masiku. Inali kuyenda mwakacetecete pakati pa Lisbon, Rio de Janeiro, New Orleans, madooko a Angola ndi a Mozambique, ndi nthawi zina England, itasenza akatundu wamba a mitundumitundu. Mu 1906 namondwe woopsa anaipeza pa dooko la Pensacola ku America naiononga ndithu, koma anaikonza nibwerera pa nchito.

Pali cinthu cimodzi cokoma m'zaka zimenezi. Ngakhale pa mapepala ndi pa thupi lace panalembedwa Ferreira, amalinyero ace Acipwitikizi anali kuichula Pequena Camisola, ndiye kuti kamalaya kakang'ono. Ndilo dzina lakale lija, atalitembenuza m'cinenero cao. Mwini analemba dzina lace ndi utoto, koma anchito anasunga dzina la ngalawa pakamwa.

Caka ca 1895, comwe Cutty Sark inasanduka Ferreira, ndico cakanso cimene anatsegula njanje yocokera ku Pretoria kufika ku Lourenço Marques, mudzi umene lero uchedwa Maputo. Pa njanje imeneyo panali kutsika malasha a m'migodi ya ku Transvaal, monga ya ku Witbank, okumbidwa ndi anthu akuda, ambiri a iwo ocokera ku Mozambique. Apa ndipo njira ya ngalawayi inakomana ndi njira ya anthu a m'migodi.

Mu 1916, Nkhondo Yaikuru iri mkati, Ferreira inapakira malasha ku Lourenço Marques kuti imke nao ku Moçâmedes, ku Angola. Mu May, pozungulira kunsi kwa Africa, inakomana ndi namondwe. Inu odziwa malasha mudziwa kuti akathiridwa osachingidwa bwino ayenda ngati mcenga. Ngalawa itapendeka, malashawo anakhuthukira mbali imodzi, ndipo sinathenso kuongoka. Amalinyero anatsikira m'kati mwace ndi mafosholo, mumdima ndi m'pfumbi, kubweza malasha ku mbali inayo, koma mafunde anali kuwabwezeranso pomwe anacokera. Potsiriza anadula zingwe nataya milongoti m'nyanja kuti ngalawa ipepuke pamwamba, ndipo pamenepo inaongoka. Sitima ya moto inaipeza iri kungoyandama, niikokera ku Table Bay, pa Cape Town.

Ku Cape Town inakhala ngati caka ndi theka. Cifukwa ca nkhondo, milongoti ndi nsaru za matanga zinali zosowa ndi zokwera mtengo, cotero sanathe kuibwezera monga inali kale. Anaipatsa matanga ocepa: opingasa aja anatsala pa mlongoti wa kutsogolo wokha, pa iwiri inayo anaika matanga otsata utali wa ngalawa, amene safuna anthu ambiri. Liwiro lace linacepa, kukongola kwace kunacepa, koma inatulukanso pa dooko nikanyamula akatundu zaka zina zinai kapena zisanu.

Nanga mnzace uja Thermopylae? Nayonso inagulidwa ndi Apwitikizi, a nkhondo ya pamadzi, naichula Pedro Nunes. Koma iyo inaleka maulendo a akatundu, nikhala pa dooko monga nkhokwe ya malasha, ndipo mu 1907 eni ace anaikokera kunja kwa Cascais, pafupi ndi Lisbon, naimiza dala. Yopambana ya 1872 iri pansi pa nyanja. Yothyoka tsigiro, imene inabvomera nchito ya malasha pansi pa dzina lacilendo, inakhalabe pa madzi, cifukwa ngalawa yobweretsa ndalama eni ace amaimata ming'alu ndi kuipaka utoto.

KUBWERERA KWAO

Kuciyambi kwa 1922 Ferreira, pocokera ku London, inathawira namondwe pa dooko la Falmouth, kum'mwera ca kumadzulo kwa England. Kumeneko kunali Kaputeni wopuma nchito, dzina lace Wilfred Dowman. Iyeyu ali mnyamata wophunzira nchito m'ngalawa ina anaiona Cutty Sark iri kuwapitirira pa nyanja matanga onse ali cotambasuka, ndipo sanaiwale. Tsopano inali yakuda ndi litsiro, milongoti yosintha, dzina lina, mbendera ina. Koma anaizindikira ndi maumbidwe a thupi lace. Anafuna kuigula, koma iyo inabwerera ku Lisbon, kumene inagulitsidwa kwa eni ena Acipwitikizi, amene anaicha dzina lacitatu, Maria do Amparo, ndiye kuti Mariya wa Pothawira. Dzina limeneli linakhala miyezi yowerengeka yokha. Dowman anaitsatira, nalipira £3,750, mtengo woposa umene Apwitikizi anaigulira zaka 27 m'mbuyomo, ndipo caka cisanathe anaikokera ku Falmouth naibwezera dzina lace loyamba. Akuru anati madzi saiwala khwawa.

Dowman ndi mkazi wace Catharine, wa banja lacuma la Courtauld, anaibwezera milongoti yonga yakale naisandutsa sukulu ya anyamata ofuna nchito ya pa nyanja. Dowman anamwalira mu 1936, ndipo mu 1938 mkazi wace anaipereka ku sukulu ya amalinyero ya ku Greenhithe, pa mtsinje wa Thames. Umenewo ndiwo unali ulendo wace wotsiriza pa nyanja, ndipo unali wocita kukokedwa. Mu December 1954 anailowetsa m'dooko louma limene anaimangira ku Greenwich, mu London, ndipo pa 25 June 1957 Mfumukazi Elizabeth II anaitsegulira anthu kuti azidzaiona.

Ngakhale pa mtunda tsoka linaitsata. Pa 21 May 2007, amisiri ali mkati mwa nchito yoikonza, moto unabuka m'mamawa, ndipo ofufuza anapeza kuti uyenera kuti unayambira pa makina opopera pfumbi amene anasiyidwa osazimitsa. Mwai wace unali wakuti milongoti ndi matabwa ambiri anali atacotsedwa kale ndi kusungidwa kwina. Anaikonzanso, naikweza m'mwamba mamita atatu kuti kulemera kwace kusapinde nthiti zace zokalamba, ndipo pa 25 April 2012 anaitsegulanso. Lero munthu akhoza kuyenda kunsi kwace ndi kukhudza ndi dzanja thupi limene linapyola m'madzi a ku Shanghai, a ku Sydney ndi a ku Maputo.

CIMENE TIPHUNZIRAPO

Tsopano tiyeni tiwerengere pamodzi. Pansi pa dzina la Cutty Sark ngalawayi inanyamula akatundu zaka 25, kuyambira 1870 kufikira 1895. Pansi pa maina Acipwitikizi inanyamula zaka 27, kuyambira 1895 kufikira 1922. Zaka zace zambiri za nchito inazigwira ku dziko la eni ndi dzina la eni. Mabuku ambiri atama zaka za tiyi, m'mene sinapambane konse, ndi zaka za Woodget, koma zaka 27 zija azipyola ndi mizere yowerengeka, monga ngati zinali za manyazi. Ife tinena kuti popanda zaka zimenezo Dowman sakadapeza kanthu koti aombole. Amene anaisunga ndi amalinyero aja a mafosholo a mu May 1916, amene maina ao sachulidwa pamodzi ndi a Willis ndi Woodget.

Makolo athu ambiri anayenda njira yofanana. M'masiku a citupa ndi a Wenela, munthu anali kucoka ku mudzi ndi dzina la kwao ndi mfunda wace, nakafika pa ofesi ya komboni, kumene mlembi kapena bwana wolephera kulichula anali kulemba Jim, kapena Sixpence, kapena nambala yokha. Ena anali kudzisinthira okha dzina pothawa bwana woipa kuti akalembedwe kwina. Kufikira lero alipo abale athu odziwika pa nchito ndi dzina lina, pa pasipoti lina, ku mudzi linanso. Palibe manyazi pamenepo. Thukuta ndi la munthu mmodzi yemweyo, ndipo zaka zimene anagwira pansi pa dzina lacilendo ndi zaka zace ndithu, zimene zinamanga nyumba ya malata ndi kuphunzitsa ana kwao.

Koma pali cenjezo. Ngalawa ikasintha dzina, olemba kaundula wa ngalawa, monga a Lloyd's Register ku London, alemba dzina latsopano pamodzi ndi lakale, ndi caka comangidwa, ndi dzina la omanga, kotero kuti unyolo suduka. Cifukwa cace palibe angatsutse kuti Ferreira ndi Maria do Amparo ndi Cutty Sark ndi ngalawa imodzi. Munthu wa nchito alibe womsungira unyolo wotere koma iye mwini. Ife amene nchito yathu ndi ya colembera tidziwa kuti ofesi simva za pakamwa. Ambiri amene anakumba golidi ku South Africa, pofuna ndalama zao za penshoni kapena cipukuta misozi ca matenda a pfumbi a m'cifuwa, afunsidwa umboni wa mgodi umene anagwirako, zaka zace ndi nambala yao, ndipo pamene dzina la pa mapepala a nchito lisiyana ndi la pa ciphaso ca kwao, mlandu ukhala wautali, makamaka ukatsalira mkazi wamasiye ndi ana.

Cifukwa cace, abale, sungani pepala liri lonse la nchito: la pangano, la malipiro, la cipatala, la kucoka. Lembani pa tsamba limodzi maina onse amene munachedwa nao, malo amene munagwirako, zaka ndi manambala, ndipo tsamba lina lotere mulitumize kwanu, kwa munthu wokhulupirika. Ngati dzina lanu linalembedwa molakwa, pemphani kuti alikonze mukali pa nchito, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo musadule makalata ndi a ku mudzi, kuti pakhale anthu okuitanani ndi dzina lanu lenileni. Cutty Sark inapeza munthu wacuma woikumbukira, amene anaitsatira kufikira ku Lisbon, ndipo ena anaimangira popumulira m'ukalamba wace. Ngalawa zinzace mazanamazana sizinapeze wotere, zinaphwasulidwa kapena kumira. Munthu wanzeru sayembekeza mwai wa ngalawa imodzi. Akonzeratu dooko lace mphamvu zikalipo.